Kupeza nyumba yotchipa yogona banja lonse ku Mangochi: zochita musanatumize dipoziti

Chaka chilichonse tsiku la Anakubala likamayandikira, foni yanga sipuma. Achimwene a ku Ndirande, alamu a ku Area 25, anzanga omwe tinasiyana kalekale ku sekondale, onse amakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi m'bale ku Mangochi. Uthenga wake susintha: "Tipezereniko kanyumba kotchipa kufupi ndi nyanja, tikubwera ndi ana." Pa Khrisimasi ndi pa Isitala n'chimodzimodzi. Chifukwa cha matumidwe amenewa ndalowa m'nyumba zobwereketsa zambiri, kuyambira pa boma mpaka ku Chembe, ndipo ndikulemba izi kuti chaka chino ndizingowatumizira kuti awerenge okha.

Ndinene kaye chachikulu. Mtengo womwe mwauona pa Facebook si mtengo wa ulendo wanu. Nyumba imatchipa kapena kudula chifukwa cha khitchini yake, madzi, magetsi ndi mtunda wokafika pomwe ana angasambe. Ndipo zonsezi sizioneka pa chithunzi.

Yambani ndi kuwerenga mitu, kenako masiku

"Tikubwera ndi ana" ndi mawu achinyengo. Amayamba ali anthu asanu, pofika Lachisanu mwakwana khumi ndi mmodzi: alowapo apongozi, mtsikana wantchito, mwana wa achemwali yemwe sanaonepo nyanja, ndi msuweni wina yemwe anangomva mphekesera. Eni nyumba ena amalipiritsa nyumba yonse koma amaika malire a anthu, ena amawerenga pa mutu. Mukanena asanu n'kufika khumi, mkangano umayambira pageti, katundu asanatsitsidwe n'komwe.

Powerenga, musawerenge mabedi, werengani zipinda monga mwa mwambo wathu. Bambo ndi mayi chawo. Apongozi sangapanikizane ndi mkamwini pa khonde limodzi lopita ku bafa usiku, ndiye ngati n'kotheka apatseni chipinda chokhala ndi bafa lake. Anyamata osinkhuka chawo, atsikana chawo. Ana aang'ono savuta, matiresi awiri pabalaza nkhani yatha, bola mwini nyumba avomereze ndipo pakhale pomangirira neti. Mukawerenga chonchi mupeza kuti nyumba ya zipinda zitatu imakwana mabanja ambiri, pomwe ya ziwiri imakwana banja laling'ono lokha.

Za masiku, pewani pa 15 October, tsiku la Anakubala lija, pa Khrisimasi, pa Chaka Chatsopano ndi pa Isitala ngati thumba lili lopyapyala. Masiku amenewa dziko lonse limatsikira kunyanja ndipo mwini nyumba alibe chifukwa chokutsitsirani, pakuti mukakana inu wina ali kale pa foni. Pakati pa sabata, kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, nyumba zambiri zimangokhala ndi mlonda ndi abuluzi, ndiye apo m'pokambirana. Ine ndimakonda August, sukulu zitatsekera. Usiku kumagoneka, udzudzu wachepa, misewu ndi youma. Choipa chake ndi mwera, mphepo yochokera kummwera yomwe imaomba miyezi yozizira ndipo tsiku lina imautsa mafunde oti mwana sangalowemo. October ndi November nyanja imakhala yabata kawirikawiri koma kutentha kwake si kwamasewera. Kuyambira December mpaka March ndi mvula, matope ndi udzudzu.

Dziwani kuti "ku Mangochi" n'kutali bwanji

Apa ndi pomwe alendo ambiri amapusa. Pa boma la Mangochi palibe nyanja. Madzi omwe mumawaona pa mlatho wa Bakili Muluzi ndi mtsinje wa Shire, womwe wangotuluka m'nyanja ya Malawi ndipo ukupita kukalowa m'nyanja ya Malombe. Ndi mtsinje wokongola, koma muli ng'ona ndi mvuu, si wosambitsamo ana. Wina akakuuzani kuti nyumba yake ili "pafupi ndi madzi", mufunseni kuti madzi ake ati.

Komabe pa boma si ponyozeka kwa banja lofuna kusunga ndalama. Msika uli pompo, mabanki, mafamase, chipatala cha boma, ndipo malo ogona ndi otsikirapo mtengo. Ana a sukulu ali ndi zoona za tsiku lathunthu poyenda wapansi. Tauniyi inayamba mu 1891 ndi dzina loti Fort Johnston. Kufupi ndi mlatho kuli nsanja ya wotchi yomwe inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, pali mfuti ya m'sitima ya Guendolen yomwe mu August 1914 inakaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann kutsidya kwa nyanja, komanso chikumbutso cha anthu 145 omwe anafa sitima ya Viphya itamira mu 1946. Nyumba yosungiramo mbiri ya nyanjayi ili chapompo. Mwana wa Sitandade 7 amaona ndi maso zomwe amangoloweza m'kalasi.

Nyanja yeniyeni imayamba mukatenga msewu wa ku Monkey Bay, womwe ndi wa makilomita opitirira 60. M'mbali mwa msewu umenewu ndi momwe muli Namiyasi, Koche, Makawa, Nkopola ndi Nkhudzi, ndipo nyumba zambiri zobwereketsa zili m'derali. Pano funso ndi limodzi: nyumbayo ili kumunsi kwa msewu kapena kumtunda? Zakumunsi, zoyang'ana gombe, n'zodula. Zakumtunda kapena za mzere wachiwiri zimatsika mtengo kwambiri, ndipo ine ndimalangiza zimenezi kwa banja la ana aang'ono, chifukwa mwana wa zaka zitatu sangazembe n'kukafika m'madzi inu mukuvundula nsima. Koma funsitsani kuti mukasamba pati. Gombe lambiri m'derali linatchingidwa ndi mipanda ya mahotela ndi ya anthu, ndipo malo ena amalipiritsa pa mutu kuti mulowe. Banja la anthu asanu ndi atatu likamalipira pageti tsiku ndi tsiku, kutchipa kwa nyumba kuja kwathera pomwepo.

Ku Chembe, komwe ambiri amati Cape Maclear, ndi dziko lina. Mumapatuka musanafike Monkey Bay n'kudutsa m'mapiri a paki ya Lake Malawi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna. Madzi ake ndi oyera moti mumaona nsomba zili pa miyala. Koma zinthu za m'golosale kumeneko n'zokwera, ndipo malo ambiri ogona amakonzera alendo akunja, mitengo yake nthawi zina m'madola. Mukasankha kumeneko, gulirani zonse pa boma kapena pa Monkey Bay.

Komwe mukuchokera nakonso kuwerengereni. A ku Blantyre ndi Zomba amadzera ku Liwonde, mtunda wa makilomita pafupifupi 190 kuchokera ku Blantyre, ndipo amayamba kufika pa boma, ndiye Namiyasi ndi Makawa zili pafupi kwa iwo. A ku Lilongwe akatsetsereka Khwekhwelere n'kudutsa pa Golomoti amatulukira chakufupi ndi Monkey Bay, ndiye Nkhudzi ndi Chembe ndi zawo. Mafuta a galimoto masiku ano si oseweretsa. Ngati mulibe galimoto, sankhani nyumba yoti mukatsika minibasi kapena Sienta muyende wapansi ndi zikwama. Kabaza mmodzi n'wotchipa, koma akabaza asanu ndi mmodzi kupita ndi kubwera kawiri pa tsiku ndi bajeti ina payokha.

Kosaka

Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp ndi momwe muli zambiri, zenizeni ndi zabodza zomwe. Pa Airbnb ndi Booking.com ziliponso, ubwino wake mumawerenga zomwe ena anaona atagonamo, koma mitengo yake imakonda kukhala ya m'madola ndipo nthawi zambiri pamafunika khadi la ku banki. Njira yomwe anthu amaiwala ndi iyi: makampani, mipingo ndi mabungwe ambiri ali ndi nyumba zawo m'mbali mwa nyanja, zomwe antchito kapena mamembala awo amagonamo pa mtengo wotsika. Fufuzani pa mtundu panu. Mwina atsibweni omwe amagwira ntchito ku kampani ina yaikulu ali ndi mwayi umenewu ndipo sanaugwiritsepo ntchito chilowereni ntchito.

Adobadoba nawo alipo. Ena ndi othandiza ndithu, amadziwa nyumba iliyonse m'deralo. Koma dziwani kuti pa mtengo womwe akutchulani pali pake. Mufunseni mosabisa kuti, "Nyumbayi ndi yanu kapena mukuimira eni ake?" Akati akuimira, pemphani kulankhula ndi mwini musanatulutse ngakhale tambala.

Ionani ndi maso, anu kapena a munthu wanu

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu ngati anaupekera zithunzi za nyumba za kunyanja.

Chaka china alamu anga ananditumizira zithunzi za nyumba ina chakuno kwa Makawa. Kapinga wobiriwira, mipando ya nsungwi pakhonde, nyanja ili mbee kutsogolo. Mtengo wake unali wokomera. Anati, "Alamu, ndatsala pang'ono kutumiza, mungokaponyako diso." Ndinakwera kabaza Loweruka m'mawa. Pageti ndinapeza mlonda, bambo wachikulire wovala kofiya, akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mgwalangwa.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Ndabwera kudzaona nyumba, abale anga akufuna kudzagona."

"Lowani, achimwene, lowani. Koma bwana anakuuzani za madzi?"

Sanandiuze kanthu. Nditatsegula mpopi wa kukhitchini unangoti fooo, kutulutsa mpweya, kenako tsokomolo limodzi la madzi ofiira, basi. Mlonda uja anati pampu inapsa miyezi itatu yapitayo, alendo akabwera iye amatunga kunyanja ndi ndowa. Pa khoma la pabalaza panali mzere wakuda wofika m'mawondo, wozungulira chipinda chonse, penti atafufuma pansi pake. Kapinga wa pa chithunzi uja kunalibe, kunali bango ndi thope. Chithunzicho chinali chenicheni, koma chinajambulidwa nyanja isanakwere.

Mu 2024 madzi a nyanja ya Malawi anakwera kwambiri moti analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ambiri m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi. Eni ena anakonza bwinobwino, ena anangopaka penti pamwamba, ena akugwiritsabe ntchito zithunzi zakale. Ndiye chithunzi chokha musachikhulupirire.

Ngati muli ndi m'bale kapena mnzanu kuno, mutumizireni ya kabaza ndi ya bandulo apite. Ngati mulibe, pemphani kuti akuimbireni pa vidiyo ya WhatsApp ali panyumbapo, osati kukutumizirani vidiyo yojambula kale. Inuyo ndiye muzilamula koyenda. Ayambire pa msewu kuti muone njira yolowera ndi geti. Atsegule mpopi wa kukhitchini ndi wa kubafa inu mukuona. Agujumule toileti, adikire muone ngati thanki yake ikudzadzanso. Atsegule firiji muone ngati ikuyaka. Ayatse fani ya m'chipinda chilichonse. Atukule chofunda muone matiresi. Aloze kamera m'munsi mwa makoma ndi kudenga. Pomaliza ayende wapansi kuchokera pakhomo mpaka pomwe ana azikasamba, foni ili chiyakire, inu mukuwerenga mphindi. Munthu woona mtima zimenezi sizimuvuta. Yemwe ayambe zoti netiweki ikuvuta, kiyi ali ndi wina, bwana ali ku Johannesburg, musiyeni.

Khitchini ndiye mwini nkhani

Chifukwa chenicheni chobwerekera nyumba m'malo mwa zipinda za ku loji ndi kuphika nokha. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti muone kawerengedwe kake, inu mudzaikemo mitengo ya tsiku lomwe mukufunsa. Banja la anthu 8, mausiku atatu. Ku loji mutenga zipinda zitatu pa K50,000 chilichonse, ndiye K450,000. Chakudya chamasana ndi chamadzulo pa K8,000 mbale imodzi, anthu 8 kwa masiku atatu, ndi K384,000. Zonse K834,000. Nyumba ya K150,000 usiku umodzi imaoneka yodula poyamba, koma mausiku atatu ndi K450,000 yomweyo, ndipo mukabwera ndi ufa, mpunga ndi mafuta ochokera kwanu n'kumagula ndiwo zokha, mwina K150,000 ikwana. Kusiyana kwake kukuposa K200,000, yomwe ndi mafuta a galimoto ndi boti la ana. Koma phindu lonseli limadalira khitchini yogwira ntchito. Mukafika n'kupeza kuti kuka ndi yakufa, mwalipira nyumba ndipo mukadyanso ku lesitilanti.

Choncho funsani chimodzichimodzi. Amaphikira chiyani: magetsi, gasi kapena mbaula? Ngati ndi magetsi okha, akazima mudya chiyani? Nyumba yabwino imakhala ndi ziwiri. Ngati ndi gasi, m'botolo muli kanthu, ndipo akatha amadzadzitsa ndani? Mbaula ndiye m'bale weniweni kunyanja, chifukwa chambo chowotcha pa makala sichifanana ndi cha pa kuka.

Kenako ziwiya. Nyumba zambiri za kunyanja anaziikira ziwiya poganizira azungu awiri odya buledi ndi mazira. Mumapeza timapoto tiwiri tating'ono, mafoloko khumi ndi awiri, chotsegulira vinyo, koma mulibe mthiko, mulibe chipande, mulibe poto woti n'kuphikamo nsima ya anthu asanu ndi atatu. Ine ndimauza abale anga kuti poto wamkulu, mthiko, chipande, mpeni wakuthwa ndi beseni losambira m'manja azibwera nazo, osafunsa n'komwe. Sizilemera. Onjezani mchere, shuga, masamba a tiyi, machesi, sopo wotsukira mbale ndi kansalu kopukutira. Tinthu timeneti mukamagula timodzitimodzi pa kagolosale ka pafupi ndi gombe timadya ndalama mosaonekera.

Firiji ifunseni kawiri. Kutentha kwa kuno nsomba yogula m'mawa ikakhala panja imafika madzulo itayamba fungo, ndipo mkaka wa mwana suchedwa kusasa.

Nyumba zina zimabwera ndi wophika. Funsani ngati malipiro ake ali kale mu mtengo. Ngati amayi a m'nyumba mwanu ndi omwe amaphika chaka chonse, kulipira wophika masiku atatu si kuwononga. Kupanda kutero iwo angosintha khitchini, enanu muli m'madzi, ndiye tchuthi chake chili pati?

Madzi, magetsi, kutentha ndi udzudzu

Madzi a m'nyumbamo amachokera kuti? Ena ndi a Southern Region Water Board, ena a pa mjigo, ena amapopa m'nyanja momwemo n'kuthira m'thanki. A m'nyanja ndi osambira ndi kuchapira, osati kumwa osaphitsa kapena osathira mankhwala. Tonse tikukumbuka kolera wa 2022 ndi 2023, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma omwe anavutika kwambiri. Tengani WaterGuard kapena zigubu za madzi akumwa. Funsaninso ngati pali thanki, chifukwa pomwe amadalira pampu ya magetsi, magetsi akazima madzi nawo amatha.

Magetsi ambiri ndi a mayunitsi. Gwirizanani kuti ogula ndani. Mwini nyumba wina amakusiyirani mayunitsi oti afike pakati pa usiku woyamba, mita n'kuyamba kulira ana ali m'tulo. Za kuzimazima sindikuuzani zachilendo, ngakhale zimandiseketsa kuti madzi omwe amadutsa pansi pa mlatho wathu ndi omwewo amakapukusa makina ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ife eni mtsinje tili mu mdima. Ngati pali sola, funsani kuti imayatsa chiyani, mababu okha kapena mafani ndi firiji zomwe. Ngati pali jenereta, mafuta ake ndi a ndani?

M'miyezi yotentha fani m'chipinda chilichonse si zamanyado. Nyumba ya malata yopanda siling'i mu October ndi uvuni, ngakhale ikhale yotchipa chotani. Yofolera udzu kapena yokhala pansi pa mitengo imazizira bwino.

Maneti akhale pa bedi lililonse, osabooka. Ine ndimati tengani anu awiri apadera ndi chingwe, makamaka a ana ogona pabalaza aja. Malungo a kunyanja saonekera pompo. Amadzayamba patatha sabata kapena kuposerapo muli kwanu, ndiye mwana akatentha thupi mutabwerera, thamangirani kukayezetsa ndipo muwauze achipatala komwe munali.

Pomwe ana azikasamba

Funsani anthu a pamalopo, osati mwini nyumba yekha. Mlonda, asodzi ndi amayi ochapa pa gombe amadziwa pomwe pamatsetsereka mwadzidzidzi, pomwe mvuu zimatulukira ndi pomwe ng'ona inaonekapo. Malo a bango ndi udzu wa m'madzi, komwe madzi sayenda, apeweni. Ndi komwe kumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndiponso ndi komwe ng'ona imabisala. Likodzo lilipo m'dera lino, tisanamizane. Mankhwala ake, praziquantel, amagwira bwino tizilombo tikakhwima, choncho pakatha milungu 6 mpaka 8 mutabwerera pitani kuchipatala mukafotokoze kuti munasamba m'nyanja.

Boti lopanda majekete oyandamitsa musakwezemo ana, ngakhale mwini wake alumbire kuti anabadwira m'madzi. Mwera ukayamba, khalani kumtunda. Ndipo dziwiranitu chipatala chomwe chili pafupi ndi nyumba yanuyo, kaya cha pa boma, cha Koche kapena cha Monkey Bay, ndi yemwe angakunyamuleni usiku ngati mulibe galimoto.

Tsopano ndalama

Nenererani. Mausiku atatu kapena anayi pakati pa sabata ndi chifukwa chokwanira choti mupemphe kuti akuchotsereniko. Akakana kutsitsa, pemphani zina: mayunitsi akhale awo, matiresi apadera aulere, kapena mutuluke madzulo m'malo mwa m'mawa tsiku lomaliza.

Musalipire zonse musanafike. Dipoziti ya usiku umodzi, kapena yosapitirira theka, ndi yokwanira, zotsalazo mukapereke mutalowa ndi kuona. Potumiza pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ku banki, dzina la wolandira limaoneka musanatsimikize. Liwerengeni. Ngati mwakhala mukulankhula ndi bambo wina koma dzina likutuluka la munthu wosiyana, imani kaye mufunse. Akuba a pa foni njira yawo ndi imodzi: amatenga zithunzi za nyumba ya eni, amaika mtengo wotsika modabwitsa, kenako amakufulumizitsani kuti pali banja lina likufuna lero lomwe. Fulumira adadya gaga. Nyumba ya pa gombe yotchipa kuposa resitihausi ya pa boma pa Khrisimasi kulibe.

Zonse zomwe mwagwirizana zilembedwe mu uthenga umodzi wa pa WhatsApp, iwo ayankhe kuti avomera: masiku olowa ndi otuluka ndi maola ake, chiwerengero cha anthu, mtengo wonse m'makwacha, zomwe mwapereka ndi zotsala, za mayunitsi, gasi ndi wophika. Mawu oti "mtengowu susintha" alembedwemo. Chichokereni November 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti, eni nyumba ena amakonda kukweza mtengo pakati pa dipoziti ndi tsiku lofika, ati zinthu zakwera. Funsaninso za maliro ndi matenda, chifukwa kwathu kuno ulendo umalephereka ndi zimenezi. Mukalephera, dipoziti ibwerera, kapena akusungirani masiku ena? Ambiri savomera kubweza koma amavomera kusuntha masiku, bola munene msanga.

Kutatsala masiku awiri imbaninso, ndipo tenganitu nambala ya mlonda. Nkhani zoti nyumba imodzi aipereka kwa mabanja awiri pa tchuthi chachikulu zimachitika, ndipo mlonda ndi amene amadziwa ngati muli kale anthu.

Tsiku lofika

Nyamukani m'mawa kuti mufike kukuwala, thanki ya galimoto itadzadza, chifukwa mafuta akasowa m'dziko kuno amasowa kwambiri. Tapaninso ndalama pa boma kapena kwanu, musadalire kuti mukapeza makina a banki kapena ajenti wokhala ndi ndalama zokwanira kufupi ndi nyumbayo.

Musanatsitse katundu, zungulirani ndi mlonda. Jambulani mita ya magetsi, galasi losweka, mpando wothyoka mwendo, ndipo muwerenge mbale ndi makapu pamodzi. Zithunzizo tumizani kwa mwini nyumba nthawi yomweyo. Yesani maloko ndi mawindo. Mukakhutira, perekani zotsala zija ndipo alembe kuti alandira.

Kumbukirani kuti mwabwera pamudzi pa anthu. Ambiri m'dera lino ndi Ayao ndiponso Asilamu. Zovala zosambira n'za pa gombe, popita kumsika amayi amange chitenje, abambo avale malaya. Ngati mwanyamula nkhumba kapena mowa, funsani kaye, chifukwa eni nyumba ena salola nkhumba m'mapoto awo, ndipo wophika wachisilamu musamukakamize kuigwira. Kuitana kwa kumzikiti kumamveka m'bandakucha, ndiye ngati muli ndi khanda lovuta tulo, funsiranitu kuti mzikiti uli pataliko bwanji. Bala ya pafupi nayo ifunseni, imeneyo ndiye imafika mpaka tambala woyamba. Lachisanu masana mashopu ena amatseka kaye eni ake akapemphere, gulani zanu m'mawa. Moni wa "Ali uli?" ndi "Sikomo" amatsegula nkhope za anthu, ngakhale Chiyao chanu chithere pomwepo.

Nsomba gulani m'mawa pa doko mabwato akamakocheza, osati kwa anyamata obwera nazo pageti masana, omwe amayamba aona nambala ya galimoto asanatchule mtengo. Chambo chinachepa ndipo n'chodula ngakhale kuno kwawo, ndiye musachite manyazi kugula utaka, mcheni, kampango kapena usipa wauwisi. Usipa wokazinga ndi tomato ana amanyambita mbale. Tsegulani makha muone ngati ali ofiira, dinani mnofu ndi chala muone ngati ukubwerera. Tsiku loyamba pitani ndi mlonda, inu muime chapatali ngati simukudziwana, iye anenerere. Mukabwerako mupatseni nsomba ziwiri za ndiwo kunyumba kwake, ndipo pochoka musamusiye chimanjamanja.

Nyumba ya mpopi wa mpweya ija alamu anga sanaitenge. Mlonda yemwe uja ndi amene anandilozera ina kumtunda kwa msewu, ya mayi wina wopuma pa ntchito ya uphunzitsi, yopanda chithunzi ngakhale chimodzi pa intaneti. Zipinda zitatu, thanki pamwamba, mbaula ziwiri, mtengo wa mango pabwalo, kuyenda mphindi zisanu ndi ziwiri kukafika pa mchenga. Poto wa nsima anabwera naye okha kuchokera ku Lilongwe, ndipo pobwerera anamuiwala pa thandala kuseri kwa khitchini. Mayi aja anaimba kuti poto ali bwinobwino, akudikira August.